Lamba wa a Fintan

Maganizo opita ku Ireland anabwera ndi msuweni wanga Mercy, amene anali kale ku Dublin, koma wovomera ndinali ine. Nthawi imeneyo mwana wathu Tadala anali atangosiya kuyamwa, ndipo bambo ake ankaperekera buledi m'magolosale a ku Lunzu pa njinga yopalasa. Ankabwera madzulo miyendo ikunjenjemera. Tinakambirana tili pakhonde. Iwo anati, "Mayi a Tadala, inu mumachita manyazi ngakhale kunenerera tomato pamsika. Kumeneko mukalankhula ndi ndani?" Ndinayankha kuti tsache silifuna Chingerezi. Tinkafuna njinga yamoto yathuyathu, basi.

Ku Dublin ndinkagona chipinda chimodzi ndi Mercy ku Ballymun. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye Chingerezi changa chinali cha moni ndi zikomo. Ndinayamba ndi ntchito yokolopa, kenako ndinapeza yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndalama zikabwera, zambiri zinkapita ku lendi, zotsala kumudzi. M'basi ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, kumvetsera mawu amene bambo a Tadala ankatumiza pafoni. Mwanayo ankakana kulankhula. Ndinkangomva akumunyengerera kuti, "Nena moni kwa amayi," iye n'kuthawa. Ndinkabwereza uthengawo kuti ndimvenso timapazi take tikuthamanga pa simenti.

Ku Clondalkin ndinkasamalira a Fintan, bambo okalamba amene ankakhala okha. Mwana wawo wamkazi, Orla, ankabwera Lamlungu lokha. Nditangoyamba kumene, anandiuza nkhope ili yakugwa kuti lamba wawo akuterereka. Ine ndinagwada msanga, n'kuwamanga lamba wa buluku, mpaka kuwonjezera bowo limodzi. Anayang'ana kudenga akupuma movutikira, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Osati ameneyu, mwana wanga. Ndipatse ndodo, tiye kuseri."

Kuseri kwa nyumba kunali kanyumba kosungiramo katundu, ndipo m'menemo munali chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Chinali ngati njinga yamoto, koma kutsogolo m'malo mwa tayala chinali ndi zitsulo ziwiri zazitali zoterereka, kumbuyo chinali ndi chilamba chamano ngati cha thalakitala yokonza msewu. Anati ndi njinga yoyenda pa chipale chofewa, anabwera nayo kuchokera ku Canada kumene ankadula mitengo ali mnyamata. Ku Dublin chipale chenicheni chimagwa mwa apo ndi apo, ndiye njingayo sinkapita kulikonse. Ankangoikweza kumbuyo pa chitsulo n'kumailiza, kuti isafe.

Manja awo ankanjenjemera, choncho manja anga anakhala awo. Anandionetsa lamba wa injini, wakuda, wokhala pakati pa mapule awiri, timagudumu tomuzunguza. "Nunkhiza. Ukumva kupserera? Ona m'mbalimu mmene mukunyezimira. Watha ameneyu, sakugwiranso." Watsopano atabwera anandiuza kuti ndimutsuke ndi madzi ofunda ndi sopo, ndimuumitse, kenako ndimuike. Nditafuna kuipatsa moto kuti timve kulira kwake, anandigwira dzanja.

"Lamba watsopano sumupatsa moto wonse tsiku loyamba. Amapsa. Umamuyendetsa pang'onopang'ono mpaka azolowere malo ake."

Tsiku lina anandikhazika pampando wakumbuyo kuti ndione mmene njinga imatsikira. Anati munthu akakwera kumbuyo iwe osalimbitsa sipuling'i, kumbuyo kumagwa, kutsogolo kumapepuka, ndipo ukakhota njinga sikumvera. Ali mkati mofotokoza anasiya, n'kuyang'ana kukhomo.

"Popita ku Canada, Orla ndinamusiya akukwawa. Nditabwera ndinamunyamula pakhomo pomwepo, kumufinya, kumupsompsona. Anakuwa, anandiluma apa. Ndinamupatsa moto wonse tsiku loyamba. Mpaka lero amandipatsa moni ngati ndine dokotala."

Tsiku limenelo ndi limene ndinatulutsa chithunzi cha Tadala. Ngakhale Mercy sindinkamuuza kuti mwana wanga amathawa mawu anga, koma a Fintan ndinawauza, m'Chingerezi changa chothyokathyokacho. Sanandikonze ngakhale liwu limodzi.

Njinga yamoto tinkafuna ija inagulidwa kwathu chaka changa chachiwiri. Ndinakhalabe kuti tifolere nyumba ndi malata. Kenako a Fintan anagwa m'bafa, ndipo Orla anawapezera malo kunyumba ya okalamba. Ine ndinaona kuti nthawi yanganso yobwerera kwathu yakwana. Nditapita kukatsanzika ananditchula dzina n'kungoti, "Esi, pang'onopang'ono," akusonyeza ndi dzanja ngati akuchepetsa moto.

Ku Chileka ndinaona bambo a Tadala ataima ndi kamtsikana kakatali, komangidwa tsitsi bwinobwino. Manja anga ankayabwa kufuna kumufungatira. Iye anabisala kuseri kwa mwendo wa bambo ake n'kufunsa, "Adadi, anti awa akukagona kwathu?" Ndinanjuta, n'kungotambasula dzanja limodzi.

"Muli bwanji, a Tadala?"

"Ndili bwino, kaya anti."

Ndinakhala anti. Kunyumba ndinapeza mipando iwiri, makapu awiri pa thireyi. Tsitsi lija anamanga ndi bambo ake, anaphunzira okha kwa mayi woyandikana nawo. Ankadziwa kuti Tadala sadya therere, ankadziwa nyimbo yomugonetsera. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti pakhomopo pali dzenje looneka ngati ine, likundidikira. Panalibe dzenje. Anthu awiriwa anali atakonza moyo wawo kuti uziyenda, ndipo unkayendadi. Ndinalira kubafa, koma mwanayo sindinamukakamize kanthu.

Loweruka tinanyamuka kukaona mayi anga ku Matindi. Tadala anakhala kutsogolo pa thanki monga mwa masiku onse, ine kumbuyo ndi chikwama cha mphatso. Titasiya tala, njinga inayamba kugunda pansi pa bampu lililonse, ndipo pamchenga chiwongolero chinkavina. Tadala anatembenuka.

"Adadi, njinga yalemera. Anti atsike."

Bambo ake anaimitsa, osandiyang'ana. Ndinatsika. Poti ndinalibe poyang'ana, ndinayang'ana mashoko akumbuyo. Pansi pa sipuling'i panali timano tokwezera, ngati pa njinga ya a Fintan ija, ndipo anali pa dzino lotsikitsitsa.

"Bambo a Tadala, mashokowa ndi ofewa bwanji?"

"Ndinafewetsa dala, buledi ankaphwanyika. Kumbuyoku sikukwera munthu."

"Sipanala muli nayo?"

Anaseka koyamba chibwerere changa. "Ku Ulaya munkakolopa kapena munali makaniko?"

Iwo ananyamula kumbuyo kwa njinga, ine ndinapotokola, mbali iyi kenako inayo. Ndinapempha a Tadala kuti atigwirireko chipewa. Ananjuta pafupi nane, chipewa chili pamimba, akuyang'anitsitsa zala zanga zakuda ndi girisi.

"Mukuitani njinga ya adadi?"

"Tikuiuza kuti tsopano tilipo atatu."

Anaganiza kaye. "Ndiye yamva?"

"Tikwere tione."

Inamva. Pamchenga inadutsa mowongoka, pabampu sinagundenso. Titayenda pang'ono Tadala anadandaula kuti fumbi likumulowa m'maso, akufuna kukhala pakati. Bambo ake anaimitsanso, n'kumukhazika pakati pathu. Kamsana kake kanali kotentha pachifuwa panga. Manja anga ndinawasiya pa mawondo anga. Tisanafike pa mlatho mutu wake unayamba kulendewera ndi tulo. Anafufuza dzanja langa kumbuyo, n'kulikokera pamimba pake.

"Anti, gwireni, ndingagwe."

Ndinamugwira, koma osafinya.