Mayi Ida Makwinja ndi Funso la Asilikali a Angerezi

Abambo Mfumu apempha kuti mbiri ya Mayi Ida Makwinja, amene tawaika mwezi wathawu, ilembedwe m'kalata ya parishi yathu kuno ku South Bend. Ilembedwa, koma yopanda shuga. Ena mwa inu amene munalira mokweza pamaliro ndinu omwe munkawaseka ali moyo.

Mayi Ida anabadwira ku Mulanje, m'banja la katekisiti. Mu 1959, ali kamtsikana, boma la atsamunda linalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti. Asilikali anafika m'mudzi mwawo, nasankha nyumba ya katekisiti chifukwa inali ya malata. Anagona pa mphasa za ana, anapha nkhuku, bambo awo n'kuwakweza mulole kupita nawo kundende ya Kanjedza. Ida ndi mng'ono wake Flora anaonera zonsezi ali m'nkhokwe, atagwirana pakamwa. Ida ankanena Tikuoneni Maria chamumtima, kuopa kuti ngakhale milomo imveka.

Atakula anakwatiwa ndi Bambo Lyson, telala wa ku Limbe. Dziko linali litalandira ufulu, koma mantha anangosintha yunifolomu. Tsiku lina pakhonde posokera panafika munthu waulemu, wa nsapato zopolisha, nafunsa moseka, "Achimwene, mukuona bwanji m'mene boma likuyendera?" Bambo Lyson, munthu wosadziwa kunama, anayankha. Anabwerako kundende patapita zaka, mano atatha, chifuwa chikulira ngati chitseko, ndipo sanakhalitse. Kuyambira pamenepo Mayi Ida anali ndi mawu awo: "Pakamwa panga ndinapereka kwa Ambuye. Boma lisandibwereke."

Analera yekha mwana wawo Akuzike ndi geni ya mandasi. Tchalitchi ankasesa, nsalu za paguwa ankachapa, pamaliro ankafika oyamba n'kuchoka omaliza. Akuzike ataphunzira unamwino n'kupeza ntchito kuno, anaitanitsa mayi ake. Kunonso sanakhale manja lende. Ankasambitsa nkhalamba zachizungu kumalo osungirako okalamba, kuzipesa, kuziimbira nyimbo za Misa m'Chichewa. Mmalawi akagona m'chipatala, Mayi Ida ankakwera basi m'chipale chofewa atanyamula fulasiki ya phala. Ambiri a inu magalimoto muli nawo awiriawiri. Munapitako kangati?

Koma mwezi wa Julayi unkawazunza. Pa 4, Amereka akamaphulitsa makombola awo a chikondwerero, iwo ankadzitsekera m'bafa ndi korona. Zidzukulu zinkagogoda zikuseka, "Grandma, it's just fireworks!" Iwo ankangoti, "Mfuti nayo imayamba choncho."

Kenaka uthenga unabwera kuti Flora wafa ziwalo mbali imodzi ndipo alibe womutembenuza. Mayi Ida anafuna kupita kukamudwazika, kaya chaka kaya ziwiri. Akuzike anawauza chilungamo.

"Amayi, ndi pepala muli naloli, mukakhalitsa kumudzi mwina sadzakulolani kubwerera. Zidzukulu muzidzangoziona pa foni. Muapulaye unzika, mukapasa muzipita ndi kubwera m'mene mufunira."

"Kupasa chiyani?"

"Mafunso a mbiri ya dziko lino. Akufunsani wa boma, ku Indianapolis."

Atamva zoti wa boma, anakhala pansi. Koma Flora anali chigonere, choncho anayamba kuphunzira. Akuzike ankawafunsa akuphika. Ndi pamene Mayi Ida anamva koyamba kuti Amereka nayenso anali pansi pa Angerezi: madera khumi ndi atatu m'mphepete mwa nyanja, mfumu ili kutsidya, msonkho ukungokwera, eni ake opanda mawu, mpaka anthu anakwiya n'kutaya tiyi m'nyanja ku Boston, nalengeza ufulu wawo mu 1776.

"Iwe Akuzike, usandinamize. Azungu kulamulidwa ndi azungu anzawo?"

"Eya, amayi."

"Angerezi ake omwe aja?"

"Omwewo."

"Ndiye anataya tiyi? Tiyi weniweni? Anthu osaopa Mulungu."

Mayankho onse analowa m'mutu. Tsiku litakwana, Akuzike anawadiraiva mpaka ku Indianapolis. Wofunsa anali mnyamata waulemu, womwetulira. Mayi Ida anayang'ana pansi n'kuona nsapato zopolisha. Anayankha angapo bwinobwino. Kenaka mnyamata uja anafunsa, akumwetulirabe, "N'chifukwa chiyani anthu a m'madera aja anamenyana ndi boma la Angerezi?"

Munthu wa boma, chitseko chotseka, akufunsa chifukwa chimene anthu amaukira boma. Anaona khonde la ku Limbe. Anati, "Ine za ndale sindidziwa, bwana." Mafunso otsalawo sanayankhenso ngakhale limodzi. Analephera, nauzidwa kuti abwerenso kachiwiri.

Nkhaniyi inawanda. Pa chikondwerero chathu cha 6 Julayi ku Speedway, bambo wina wa madigiri, dzina ndalisunga, anaimirira ndi mbale m'manja n'kumayerekeza mawu awo: "Za ndale sindidziwa, bwana!" Anthu anagwa nako kuseka. Inu bambo, amene munabadwa makadi a chipani atatha, munayamba mwatsukapo mabala a mwamuna wobwera kundende? Mayi Ida anamva zonse. Anatola mbale zakuda, pamodzi ndi ya bamboyo, n'kukatsuka.

Sabata ya mayeso achiwiri anapita kukalapa. Anauza Abambo Mfumu kuti akuopa, ndipo mantha akuwalepheretsa kukatumikira m'bale wawo. Atatuluka anagawa zitenje zawo kwa amayi a mphakati. Anaonetsa Akuzike pamene anaika chovala cha chigwirizano choti adzawaveke akadzafa. M'mawa wa ulendo anatuluka m'chipinda atanenepa modabwitsa, kunja kukutentha.

"Amayi, mwavala chiyani?"

"Madiresi atatu ndi juzi."

"M'chikwamamo?"

"Sopo, bulangete, mtedza wokazinga. Bambo ako anapita ndi malaya amodzi. Ine sindipita choncho."

"Amayi, mungorilakisa, kuno samanga munthu chifukwa cha..."

"Diraiva galimoto, mwana iwe. Ndikayankha. Akanditenga, ukauze Flora kuti ndinayesa."

Njira yonse korona inali m'manja, thukuta likutsika m'khosi. Pachipata alonda anatsegula chikwama, nayang'ana bulangete, nayang'ana mayiwo, n'kuwabwezera. Mayi Ida anati mumtima: akudziwa kuti ndilifuna.

Ulendo uno wofunsa anali mayi wa magalasi. Funso loyamba, lachiwiri, anayankha. Ankapempha Maria kuti funso lija lidutse patali. Silinadutse.

"N'chifukwa chiyani anamenyana ndi Angerezi?"

Panali mayankho ena osavuta, a msonkho, a kudzilamulira. Mayi Ida anafinya mtanda wa korona mpaka unawalasa m'dzanja, nasankha limene ankalidziwa ndi thupi lawo.

"Chifukwa asilikali a Angerezi ankagona m'nyumba zawo." Kenaka anawonjezera, m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, "M'nyumba ya bambo anganso anagona. Sizinali bwino. Boma linalakwa."

Anatseka maso kudikira chitseko. Anamva kulira kwa kompyuta basi. Mayi wa magalasi uja anati, "Mwakhoza. Pepani za bambo anu." N'kupita pa funso lina.

Atatuluka anapeza Akuzike akuzungulirazungulira panja. Sananene kuti ndapasa. Anati, "Ndanena kuti boma linalakwa, pamaso pa boma, ndipo ndine pano. Ndithandize kuvula juziyi ndisanakomoke."

Anapita ku Mulanje. Anamusambitsa Flora, kumutembenuza, kumudyetsa ndi sipuni mpaka anamutseka maso ndi manja awo. Atamuika anabwerera kwa zidzukulu, ku basi yawo ndi fulasiki yawo. Musaganize kuti mantha anatha. Wapolisi akadutsa ankasiyabe kulankhula. Koma ankati, "Mantha ndi katundu wanga. Ndimapita naye kumene Ambuye andituma."

Chaka chino matenda a mtima anawagoneka. Pa 4 Julayi masana, atalandira mafuta oyera, ana a m'nyumba zoyandikana anayamba kuphulitsa makombola awo dzuwa likadalipo. Akuzike anathamanga kukatseka windo.

"Lisiye," anatero Mayi Ida. "Anthu akuno anawatulutsa asilikali m'nyumba zawo. Asangalale."

Anagona korona ili m'manja, phokoso likulowa pa windo, ndipo sanadzukenso.

Bulangete lija Akuzike wapereka ku mphakati kuti lizipita kwa odwala. Lili m'kabati ya kuholo. Amene munaseka ku Speedway, chipatala mukuchidziwa, ndipo basi imaima pakhomo pake penipeni. Mzimu wa Mayi Ida uwuse mu mtendere.