Msuzi wa Nathumba

Mukafika pa Mayani tsiku la msika, musavutike n'kufunsa kuti chiwaya cha a Rafaelo chili pati. Tsatirani fungo la anyezi wokazinga, ndipo mukaona amphaka atandanda pansi pa benchi ngati anthu odikira pachigayo, dziwani kuti mwafika. Eni ake ndi bambo wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi, amene amavala chijuzi chimodzimodzi kuyambira Meyi mpaka mphepo ya kumapiri kuno italeka.

Anabadwira chakufupi ndi Kasina, m'banja la alimi a kabichi ndi mbatatesi. Khasu sanalikonde, tisanamizane. Ali mnyamata anathawira ku Dedza boma, kumene anayamba ndi kutsuka mbale m'lesitilanti ina mpaka anafika pogwira chipande. Kumeneko ndi kumene anatenga chikhulupiriro chimene akhala nacho moyo wawo wonse, chakuti kupatsa munthu chakudya chosakolera mchere ndi anyezi n'chimodzimodzi kumutukwana. Atakwatira a Magadalena anasamukira ku Mayani, n'kugula chiwaya, n'kuyamba kukazinga tchipisi ndi zam'kati za mbuzi. Anyezi amathira mosaumira, moti oyendetsa njinga za kabaza amanena kuti ukadya kwa a Rafaelo sungakanenso kunyumba kuti sunadye.

Za amphakazi zinayamba mwangozi. Kwathu kuno mphaka akatopetsa, kaya wayamba kuba ndiwo kaya waswa ana ochuluka, ambiri safuna kumupha ndi manja awo. Amangomulonga m'thumba la feteleza, kumanga pakamwa, n'kukamutaya kutali kutsidya la mtsinje kuti asadziwe njira yobwerera. Mtima wa wotayayo umakhala pansi chifukwa sanakhetse magazi, koma za chimene chachitika m'thumbamo safunsa.

M'mawa wina a Rafaelo akupita kukatsuka mbatatesi kumtsinje anaona thumba likugwedezeka m'mabango. Anayamba adzilemba chizindikiro cha mtanda, poti munthu sudziwa. Atamasula anapezamo kamphaka kakakazi kotuwa, mafupa okhaokha, kosatha n'kulira komwe. Anakabisa m'chijuzi chija n'kupita nako kuchiwaya. Dzina silinavute, anangoti Nathumba.

Mbiri inawanda, ndipo anthu anaona kuti kumtsinje n'kutali. Matumba anayamba kupezeka pafupi ndi chiwaya, a Rafaelo akamafika m'mawa. Ankakalipa msika wonse n'kumva, kufunsa ngati pankhope pawo palembedwa kuti malo otayirapo amphaka, koma akatha kukalipako ankamasula thumbalo bwinobwino. Mphaka akanenepa n'kuzolowera anthu, ankamupereka kwa alimi amene makoswe akuwathera chimanga ndi mbatatesi. Sankagulitsa. Ankangoika malamulo: pakhomopo pasapezeke mankhwala ophera makoswe, chifukwa khoswe wodya poizoni amapha ndi mphaka yemwe, ndipo mphakayo azipatsidwa chakudya. Zoti mphaka wanjala ndiye amagwira bwino makoswe ankati ndi bodza la anthu oumira. Wolephera ankauzidwa kuti abweze mphakayo pamanja, osati m'thumba.

Sanali okha pantchitoyi. A Amadu, amene amazinga mbuzi pamsikapo, tsiku lililonse ankapatula mapapo ndi tizidutswa tina n'kuwaponyera m'kabeseni, amvekere kumwetsa ndi kudyetsa chinyama chosalankhula ndi sadaka, ntchito yachifundo pamaso pa Mulungu. A Magadalena okha ndiwo ankang'ung'udza. Ankati anzawo kutchalitchi ayamba kuwayang'ana cham'mbali, chifukwa khomo la amphaka ambiri anthu salinenera zabwino. Komabe madzi a amphakawo ankasintha ndi iwo omwe, uku akudandaula.

Amphaka ankabwera n'kupita, koma Nathumba sanaperekedwe kwa munthu. Ankaperekeza a Rafaelo kumsika m'mawa, kukhala patsinde pa chiwaya potentherapo, n'kubwerera nawo madzulo. Mwana wawo mmodzi yekha, Pilira, anali atakwatiwa kutali, ndiye musadabwe kuti bambo wamkulu ankakambirana ndi mphaka za mtengo wa mafuta ophikira.

Chaka china, chisanu chili pachimake, Nathumba anaswa ana anayi m'dengu lakale m'khitchini. A Rafaelo chimwemwe chinawapitirira. Analengeza kuti mayi ali m'chikuta sadya zotolatola, ndipo zaziwisi za a Amadu zija anaziletsa. Anayamba kumuphikira okha, pamoto wapadera: chiwindi ndi usipa, anyezi wodzaza dzanja, adyo pang'ono, tomato, mchere wokolera bwino, zonse n'kuzisiya zibwate mpaka msuzi ugwirane. Nathumba ankanyambita mbale mpaka kuwala. A Magadalena anawakumbutsa kuti iwo atabereka Pilira sanaoneko msuzi woterowo, anangolandira kabichi wa dzulo. A Rafaelo anayankha kuti nthawi imeneyo anali asanakhwime nzeru.

Sipanapite nthawi, Nathumba anayamba kusintha. Ankangogona, maso ali tuzu, ana akumukwera pamsana iye osawanyambita. Akati aimirire miyendo inkagwedera. Kupuma kunali kwa phuma ngati wathamanga, ndipo pamene wakodza pankatsala dontho lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mkaka wake unayamba kuuma. Tiana tija tinkalira tsiku lonse, kulira kosowetsa mtendere.

A Rafaelo anaganiza kuti kuyamwitsa kwamutha mphamvu, choncho anawonjezera msuzi. Atakana kudya, anamunyamula pamiyendo n'kumamumwetsa ndi supuni, kumunyengerera ngati mwana. Abale inu, chikondi china!

Ataona kuti zikungoipiraipira, maganizo awo anathamangira kwa a Bonifasio, oyandikana nawo nyumba, amene amasunga matumba a mbatatesi ogulitsa ku Lilongwe. Anawapeza akusankha mbatatesi pakhonde, ndipo sanapereke ndi moni womwe. Anawafunsa kuti poizoni wa makoswe amutchera pati. A Bonifasio anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuloza pamwamba pa matumba pamene panagona chimphaka chonenepa chimene a Rafaelo omwewo anawapatsa chaka chatha. Anati ngati m'nyumba mwawo muli poizoni, ndiye kuti mphaka ameneyo ndi wachitsulo. A Rafaelo anabwerako manyazi ali tho, koma mantha ndiwo anakula, chifukwa tsopano analibe womuloza chala.

Anawathandiza maganizo ndi a Amadu. Anati pamsikapo pamabwera mlangizi wa ziweto, mayi wachitsikana dzina lake Patience, kudzayeza nyama ya mbuzi isanagulitsidwe, bwanji osamupempha akamuone. A Rafaelo anakayika, poti ankadziwa kuti alangizi ndi a ng'ombe, mbuzi ndi katemera wa agalu, ndipo ankaopa kusekedwa. A Amadu sanadikire yankho, anakalankhula nawo okha. Dzuwa likupendeka a Patience anatulukira pakhomo pa njinga yamoto.

Sanaseke. Anagwada pafupi ndi dengu, n'kumusisita Nathumba, kenako anatukula mlomo wake wam'mwamba n'kuwaitana a Rafaelo kuti aone. Nkhama, zimene zimayenera kukhala zofiira, zinali mbuu ngati ufa woyera. Anati magazi amuthera. Anafunsa ngati anatulukapo thovu kukamwa, ngati ananjenjemerapo, ngati pali pamene akutuluka magazi. Zonsezo ayi. Ndiye anafunsa chimene amadya.

Apa a Rafaelo anawongoka. Pankhani ya chakudya panalibe wowapeza chifukwa. Anakatenga kapoto kaja, n'kuvundukula pamaso pa mlendoyo monyadira, n'kufotokoza zonse zimene amathiramo, osasiyako ndi chimodzi chomwe. A Patience anavundula ndi supuni, anyezi n'kuyandama pamwamba. 

"Bambo," anatero mofatsa, "popanda kuyeza magazi sindingalumbire, koma ine ndikuona kuti matenda ali mupotomu. Anyezi ndi adyo kwa ife ndi zokometsera. Kwa mphaka zimaphwanya magazi pang'onopang'ono, kaya n'zaziwisi kaya n'zophika."

"Anyezi?" anafunsa a Rafaelo. "Anyezi yemweyu?"

"Yemweyo, bambo."

A Rafaelo anakhala pansi pomwepo, padothi, kapoto kali m'manja. Zinawapweteka kwambiri. Akanamva kuti ndi poizoni wa munthu wina akanadziwa chochita, akanakalipa. Koma apa anakumbukira supuni ija, ndi m'mene ankamutsegulira kukamwa mphakayo akukana. Mawu awo aakulu aja anasowa, anangofunsa motsitsa ngati achire.

A Patience sanawanamize. Anati mankhwala ochotsa anyezi m'magazi kulibe, thupi liyenera kupanga lokha magazi atsopano, ndipo ena amapulumuka, ena ayi. Anamubaya madzi pansi pa khungu la pakhosi kuti asaume, n'kulangiza kuti akhale pofunda, madzi oyera ali pafupi. Chakudya chikhale nyama kapena nsomba yowiritsa m'madzi okha, chiwindi pang'ono, usipa wouma auviike kaye mchere uchoke. Anawonjezera kuti mphaka si munthu wamng'ono, ndi chilombo chodya nyama, ndipo nsima ndi msuzi zimangomudzaza mimba. Anatinso ana aja asiye kaye kumuyamwa, n'kusiya kajakisoni kopanda singano kowamwetsera mkaka wa mbuzi wosakaniza ndi chikasu cha dzira.

Njinga itangochoka, a Magadalena anati safunsa anadya phula, koma ataona nkhope ya amuna awo sanapitirize. Anatenga kapu n'kupita kwa a Bonifasio, amene mbuzi yawo inali itangoswa. Kuyambira tsiku limenelo tiana tija tinakhala udindo wawo. Ankatifunditsa m'chitenje, kutimwetsa kamodzikamodzi, n'kumatikalipira kuti tisawakande poti iwo si mayi wawo.

A Rafaelo anayamba kuphika chakudya chimene m'moyo wawo anali asanaphikepo. Madzi, nyama, basi. Dzanja linkapita lokha ku chitini cha mchere, iwo n'kulibweza. Ankati akayang'ana m'poto, nyama ili mbee, manyazi ankawagwira ngati alandira mlendo ndi madzi okha. Nathumba ankangonunkhiza n'kutembenuka. Ankamupaka pang'ono pamphuno kuti anyambite, ndipo tsiku labwino ankameza kachidutswa kamodzi.

Masiku amenewo chiwaya chinkatsegulidwa mochedwa. A Rafaelo anabwereka njinga n'kuzungulira midzi yonse kumene anaperekako amphaka, chifukwa ndi iwo omwe ankauza anthu kuti azithira kamsuzi ka ndiwo zotsala m'mbale ya mphaka. Anthu ena anawaseka, ati bambo wakwera phiri lonseli chifukwa cha anyezi. Mayi wina anawafunsa ngati mphakayo azimuphikiranso tiyi. Iwo anangobwereza kuti mitu ya usipa ndi zam'kati za nkhuku azimupatulira asanathire zokometsera. Pobwerera ankapalasa mothamanga, mtima uli m'mwamba, osadziwa chimene akapeze m'dengu muja.

M'mawa uliwonse, asanasambe ndi kumaso komwe, ankagwada n'kutukula mlomo wa Nathumba monga anaonera kwa a Patience. Mphakayo ankangowalola, mutu uli lende m'dzanja lawo, ndipo kulolako ndi kumene kunkawaopsa. Nkhama zinali zoyerabe. Tsiku lina ankaona ngati zayamba kufiira, n'kuitana a Magadalena kuti adzaone, iwo n'kunena kuti ndi kuwala kwa moto chabe. Sabata inatha, ina n'kuyamba.

Ndiye kunacha tsiku lina la nkhungu, lozizira mpaka m'mafupa. A Rafaelo anagwada mwa nthawi zonse, n'kupititsa chala kumlomo kuja. Sanaone n'komwe m'mene zinachitikira. Nathumba anafwenthera, dzanja lake n'kung'anima, ndipo pamkono pa a Rafaelo panatsala mizere itatu ikuchucha magazi. Kenako anadzuka, kudziwongola msana, n'kuyenda mwa dzandidzandi mpaka pambale ya nyama yosakolera ija. Anadya osapumira.

A Rafaelo anatsala chogwada, akuyang'ana mkono wawo. Mtima umene unali m'mwamba masiku onsewa unatsika, ndipo anayamba kuseka, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Mayi a Pilira, tabwerani," anaitana. "Wandikanda."

A Magadalena analowa ndi tiana tija m'chitenje. Anayang'ana magaziwo, anayang'ana mphaka ali pambale, n'kupuma mozama. Anagwada n'kumasula chitenjecho pansi. Tiana tinathamanga mopepesuka kupita kwa mayi wawo, ndipo Nathumba anasiya kudya, n'kupanikiza kamodzi pansi ndi dzanja, n'kuyamba kukanyambita kuyambira kumutu.

"Kasambeni ndi sopo pamenepo," anatero a Magadalena, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndipo mukauze a Bonifasio kuti mkaka wa mawa asavutike."