Nsalu Zitatu za Agogo Haruko

Fungo la chitsulo chonyowa limandibwezera ku Smethwick, kudziko la Angelezi, kuseri kwa nyumba yathu, m'nyengo yozizira imene ndinali ndi zaka khumi. Amayi anali namwino pachipatala, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza akugona makatani atatseka, poti ntchito yawo inali ya usiku. Posowa chochita, ndinkangokhalira kusuzumira pa mpanda wa matabwa umene unkatilekanitsa ndi aneba.

Anebawo anali agogo a ku Japan, a Haruko, amasiye, ochepa thupi, tsitsi lawo loyera atalimeta ngati la mnyamata. Pabwalo pawo panalibe duwa ngakhale limodzi. Panali nsalu zitatu zoyera, zazikulu kuposa mashiti a pabedi, zoyalidwa pansi, ndipo pamwamba pake anamwazapo misomali, mabawuti ndi tizitsulo takale timene malemu amuna awo ankabwera nato kuchokera ku fakitale. Mvula inkagwa, chisanu n'kugwira, dzimbiri n'kumalowerera m'nsaluzo pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse agogowo ankatuluka atavala chijasi, n'kugwada, kusuntha msomali umodzi kapena iwiri, basi n'kubwerera m'nyumba.

Tsiku lina anandipezerera ndikusuzumira ndipo anandikodola. Anandipatsa tiyi wobiriwira, wowawa, wopanda shuga, amene ndinamwa chifukwa cha ulemu chabe. Kenako anatulutsa zithunzi zakale. Pa chimodzi panali mtsikana wovala zakuda akukoka chinsalu m'matope pakati pa msewu, anthu atamuzungulira kukamwa kuli yasa. Anali iwowo. Anandiuza kuti ali atsikana, iwo ndi anzawo anataya maburashi n'kuyamba kupanga zithunzi ndi matope, utsi ndi madzi. Manyuzipepala ankawatcha amisala, komabe anthu ankadzaza kudzaona. Atakwatiwa ndi Mngelezi n'kusamukira kuno, dzina lawo linazilala.

"Ine sindijambula," anatero m'Chingelezi chawo chodukaduka. "Imajambula ndi mvula. Ine ndimangoiuza pokhala misomali."

Chaka chimenecho nyumba ina yoonetserako zaluso ku Birmingham inawakumbukira, patapita zaka makumi atatu. Inkafuna nsalu zitatu zatsopano mu Epulo. Nsaluzo zinkafunika kugona panja nyengo yonse yozizira, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, osazinyamula. Ndinkazikonda kwambiri. Ya pakati inali itachita mizere yofiirira ngati munda wongolimidwa kumene.

Mu Febuluwale agogowo anaterereka pa chisanu pakhomo pawo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Amayi ndi amene anamva kubuula, n'kuitana ambulansi, ndipo makiyi a nyumba anasiyidwa m'manja mwawo. Kwathu wodwala sabwerera m'nyumba yafumbi, choncho Loweruka amayi anaitana anzawo a kutchalitchi, amayi a Chisomo, amene anabwera pa basi kuchokera ku Dudley atanyamula zitenje zawo m'chikwama. Anasesa, anakolopa, anatsuka mbale, akuimba nyimbo za kwaya. Atamaliza m'kati anatsegula chitseko cha kuseri.

"Mayo ine, mashiti awa!" anatero amayi atagwira m'chiuno. "Mpaka dzimbiri chonchi? Ukalamba ndi matenda ndithu. Tadala, tola misomaliyi isanabaye munthu."

"Mum, it's her art," ndinayankha, mawu ali pansi.

Amayi a Chisomo anaseka mpaka kugwira mpanda. "Art ya misomali? Ana obadwira kunonu mumationjeza!"

Amayi sanaseke. Anangondiyang'ana ndi diso lija limene limauza mwana kuti pali alendo. Ndikanatha kufotokoza za zithunzi zija, za Birmingham, za Epulo. Zonse ndinkazidziwa. Koma ndinaopa kuoneka wamwano, ndinaopanso kusekedwa kachiwiri. Ndinagwada n'kuyamba kutola, ndipo misomaliyo inadzaza zidebe ziwiri, zala zanga zitachita dzanzi ndi kuzizira.

Dzimbiri silichoka ndi sopo wamba. Amayi anagula mandimu thumba lonse kumasitolo a ku Cape Hill, mchere ndi viniga. Ananyika nsaluzo, kuziwiritsa mumphika waukulu wa pa maukwati, kuzitikita m'bafa mpaka manja kusupuka. Anachapa katatu, masiku atatu, akudula tulo tawo ta masana. Nyumba yonse inkanunkhira mandimu. Pomaliza anazisita, kuzipinda bwinobwino n'kukaziika patebulo la agogo.

A Haruko anabwerera mu Malichi akuyenda ndi chitsulo chogwirira. Tinakawalandira. Amayi anawalozera nsaluzo nkhope ikuwala. Agogowo anayandikira tebulolo. Anafunyulula ngodya imodzi, pamene panangotsala kachizindikiro kachikasu kosaoneka bwino, n'kusisitapo ndi chala. Kenako anaipindanso monga anaipezera, n'kuwerama pamaso pa amayi, ngakhale chiunocho chinkawapweteka.

"Mwagwira ntchito yaikulu," anatero. "Zikomo."

Atatero anatembenukira kwa ine. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Chionetsero chija chinachitika ndithu, koma m'kachipinda kamodzi, ndi zithunzi zakale zokhazokha. Okutobala asanafike, achibale a malemu amuna a agogowo anawasamutsira kunyumba yosungirako okalamba ku Coventry, kuchipinda chapamwamba kumene kunalibe bwalo. Anamwalira komweko patapita zaka ziwiri, ndipo sindinapiteko kukawaona.

Ndili mwana ndinkadzitonthoza kuti poti anathokoza, ndiye kuti sizinawapweteke kwenikweni, komanso kuti nsalu ndi nsalu, akanatha kuyala zina chaka chotsatira. Panopa ndikudziwa kuti nsalu akanagula, misomali inalipo zidebe ziwiri, koma nyengo yozizira yoti agwade panja inali itatsala imodzi yomweyo. Ndikudziwanso kuti anaona manja a amayi osupukawo n'kusankha kukhala chete. Amayi akalamba tsopano, ndipo akafuna kuphunzitsa adzukulu awo za kusamala aneba, amafotokoza monyadira mmene anayeretsera mashiti a gogo wa ku Japan. Ine ndimakhala pomwepo, munthu wamkulu wa ana awiri, ndipo mpaka lero sindinawauze.