Mchenga wa ku Karubisi

Amene munkadutsa pafupi ndi mlatho wa Lilongwe zaka zapitazi muyenera kuti munawaonapo a Malizani, bambo wamtali woonda, wa magalasi omanga ndi ulusi, atayala mabuku akale pachiguduli. Ankagulitsa chilichonse chokhala ndi masamba: mabaibulo othothoka zikuto, mabuku a masamu, ngakhale a zophikaphika za azungu zimene palibe angaziphike kwathu ku Chinsapo. Koma buku la mapu likawagwera m'manja silinkafika pachiguduli. Linkapita kunyumba.

Ine ndine Mirriam, wogulitsa makala, amene anthu amanditcha Mayi a Tiwale, ndipo takhala mpanda umodzi ndi bambowa kuyambira ndili wongokwatiwa kumene. Ndinene poyera kuti ndinawakwiyirapo kwambiri, ndipo mpaka lero ndikawaona mtima umandiwawa.

Bambo awo sanawaonepo. Bambowo, a Pemphani, anachoka kumudzi ku Mitundu dziko lino likadali m'manja mwa azungu, mkazi wawo a Kettie ali ndi pakati, n'kupita kummwera wapansi kukasaka ntchito. Kumigodi sanafike. Mnzawo amene ananyamuka naye anabwerako patapita zaka, chifuwa chitatha, n'kunena kuti analembedwa ntchito yokumba zitsime za ng'ombe m'chipululu, kumalire a dziko la Bechuanaland ndi South West Africa, kumene lero timati Botswana ndi Namibia. Chitsime china chinagumukira a Pemphani. Anawakwirira pomwepo, pamalo otchedwa Karubisi. Nkhani yonse inali yomweyo, ndipo wobweretsa uthengayo naye sanakhalitse.

A Kettie sanakwatiwenso. Analera mwana wawo mmodziyo ndi khasu, ndipo atakalamba a Malizani anakawatenga kudzakhala nawo mutauni. Chawo chinali chimodzi, ndipo ankachinena ngati akupempha mchere: "Ndikafa mudzandiike ndi dothi la bambo ako kumutu. Apo ayi ndikamupeza bwanji uko? Munthu anagona kutchire ngati galu."

Mawu amenewa ndi amene anadya moyo wa a Malizani. Ena amatha ndi kachasu, ena ndi akazi, koma iwo anatha ndi mapepala. Kuchipinda kwawo kunali mapu pakhoma, mapu pansi pa bedi, ena m'ndowa kuopa chiswe. Mkazi wawo anapirira, kenako anamanga katundu ulendo kwawo ku Dowa, akuti mkazi mnzake akanalimbana naye koma pepala ayi. Iwo anamuperekeza mpaka pa siteji, n'kubwerera kudzayalanso mapu awo.

Tsiku lina Lamulungu, ine ndikuchokera kutchalitchi, anandiitana ali njenjenje.

"Mayi a Tiwale, tabwerani mudzaone! Ndapapeza!"

Anandionetsa pepala lachikasu, lofewa ngati nsalu yakutha. Chipululu chonse chinali mbee, popanda mudzi, popanda msewu, koma mzere umodzi woongoka umene unkathyoka pakati ngati ngodya ya chitseko. Anati amenewo ndi malire, ndipo anawalemba azungu atakhala patebulo kwawo, Mjeremani uku Mngerezi uku, ndi rula, asanapondeko n'komwe. Pafupi ndi mzerewo panali kadontho, ndi timalemba toti Karubisi.

"Ndiye mwapapezatu," ndinatero. "Basi, zatha."

"Ayi, vuto lilipo. Taonani awa." Anatulutsa mapu ena. "Pa awa a Ajeremani kadonthoka kali kumadzulo kwa mzere. Pa awa a Angerezi kali kummawa. Pa atsopanowa kulibiretu. Ndiye bambo anga ali dziko liti?"

"Abambo, munthu wakufa alibe pasipoti," ndinawayankha. "Mayi anu adya?"

Anali asanadye. Ndi mmene zinkakhalira. Mwana wawo akuyeza chipululu ndi kachingwe, ine ndi amene ndinkawaphikira phala, kuwasambitsa, kuwatulutsa padzuwa. Sindikudzitama, chifukwa gogoyo anandilerera ana anga pamene ndinkathamangira makala ku Likuni. Koma zinkandinyansa kuona mwamuna wa imvi akudziwa dzina la chitsime chilichonse cha ku Kalahari, osadziwa kuti mankhwala a mayi ake atha. Sikuti anali woipa mtima. Akamawayang'ana mayi awo ankaona ngongole ya dothi ija basi, osati nkhalamba yofuna wocheza nayo.

Mwayi unabwera kudzera mwa Clifford, dalaivala wa thiraki wa ku Area 36, amene ankatenga mchere ku Botswana. Anavomera kuwatenga a Malizani, n'kuwauza kuti kuchokera kumene thirakiyo ikathere akadzionera okha. Koma nthawi imeneyo a Kettie anali atayamba kutupa miyendo, ndipo chakudya chinkangobwerera.

Ndinawaimirira pakhomo, chikwama chili kale paphewa.

"Mukuwasiya chonchi? Simukuona mmene akupumira?"

"Nde chifukwa chake ndikuthamanga, Mayi a Tiwale. Ndikachedwa adzapita opanda kanthu."

"Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, abambo. Amoyo ndi awa ali pamphasawa."

Anayang'ana pansi. Kenako analowa, n'kugwada pafupi ndi mayi awo. Gogoyo anawagwira dzanja nthawi yaitali, sanawauze kuti pita, sanawauze kuti khala. A Malizani anamva zimene ankafuna kumva, ananyamuka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Sabata yachiwiri a Kettie anasiya kumeza. Tinawatengera kuchipatala, madokotala anatiuza kuti tibwerere nawo kunyumba, ndipo aliyense wamkulu amadziwa tanthauzo lake. Ndinaimba foni ya a Malizani mpaka chala kuwawa, osapezeka. Clifford anati anawatsitsa kalekale, anakwera lole ya ng'ombe yolowera kumadzulo, kumene netiweki kulibe. A Kettie anamwalirira m'manja mwanga masana, ana a sukulu akudutsa panja ndi phokoso lawo.

Tinadikira mmene tikanathera. Koma kunali kotentha, abale a ku Mitundu anasonkhana, ndipo maliro sadikira munthu amene sakudziwika kumene ali. Tinakawaika kumudzi ku Mitundu. Pamene mwana wa malemu amaitanidwa kuti aponye dothi, anthu anangoyang'anana, mpaka mdzukulu wa achimwene a malemuwo anapita kukaponya. Ine manyazi anandigwira ngati ndine ndalakwa.

A Malizani anatulukira maliro atapita kale, atada bii, milomo yosweka, atakumbatira botolo la mafuta ophikira lodzaza mchenga wofiira. Uthenga anaumvera pa bodala ya Mchinji, foni itangogwira. Sanalire. Anakhala pakhonde langa, n'kuyamba kufotokoza ngati munthu wopereka lipoti.

Anati Karubisi kulibe. Anafunsa abusa a ng'ombe, apolisi, nkhalamba za kumeneko, onse kupukusa mitu. Mkulu mmodzi yekha anati agogo ake ankatchula dzina lotero, n'kuloza ndi ndodo chakumpanda wa pamalire. Malire aja, amene pa mapu ndi kamzere, kumeneko ndi waya wautali wotchinga ng'ombe, wopita mpaka kumene maso alekeza. Uku mchenga ndi minga, uko mchenga ndi minga. Palibe chitsime, palibe mwala, palibe mtumbira. Anayenda motsata wayayo mpaka madzi anawathera. Pomaliza anagwada, natapa mchenga mbali imene anali, kenako analowetsa dzanja pansi pa waya n'kutapanso wa mbali inayo, kuti kaya bambo awo ali dziko liti, asawaphonye. Anandionetsa mkono umene waya unawang'amba.

Mawa lake tinapita ku Mitundu. Anapempha akuluakulu kuti akumbe pang'ono chakumutu, aikepo mchengawo. Anawakanira, ndipo sindiwanena, chifukwa manda akatsekedwa safukulidwa. Anawalola kungothira pamwamba. Iwo anakana, akuti mayi anati kumutu, osati pamwamba pomwe mvula idzakokolola. Anabwerera nalo botolo lija ku Chinsapo, ataliika pamiyendo mu minibasi ngati mwana.

Titatsika, tikuyenda kulowera kunyumba, anandifunsa funso limene ndinkaliopa.

"Mayi a Tiwale, kumapetoko ankati chiyani? Anadandaula za dothi?"

Ndikanatha kunama. Anthu amanama pa zinthu zotere, ndipo Mulungu amakhululuka. Koma ndinali nditatopa, ndinali nditasambitsa mtembo wa mayi wa mwini, ndipo mkwiyo unali usanandichoke.

"Za dothi sanatchuleko ngakhale kamodzi," ndinatero. "Chitseko chikangolira ankadzutsa mutu, n'kufunsa kuti, 'Ndi Malizani?'"

Anaima pakati pa msewu. Wa kabaza anawaimbira belu, anawatukwana, n'kuwazungulira. Iwo anangoti chilili, botolo lili m'manja.

"Kangati?" anafunsa.

"Nthawi zonse, abambo. Mpaka mawu anatha."