Nkhanu za nsomba za amuna anga

Amuna anga, bambo a Tadala, amaweta tinsomba ta m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi pabalaza. Sitidyedwa, timangoonedwa. Popita kumigodi komwe amagwira ntchito, anandisiyira nkhanu zam'nyanja, zonona bwino, kuti ndizigaye, ndiziike m'timatumba tapulasitiki ndi kuziumitsa mufiriji. "Chakudya cham'sitolo ndi madzi okhaokha," anatero. "Nsomba zanga sizidya zimenezo."

Ndinaziyang'ana nkhanuzo, zomwe ifeyo timalawa pa Khirisimasi pokha, kenaka ndinayang'ana kansomba kosaposa chala changa. Ndinazikazinga, tinadya ndi Tadala mpaka kunyambita mbale. M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Cannington, komwe kuli sitolo ya zoweta, kukagula cham'sitolo chonyozedwacho. Ndinachisungunula, kuchithira m'timatumba tawo, n'kuchiumitsanso.

Atabwerako anaitana anzawo a Banda, owetanso nsomba. "Achimwene, taonani kuwala kwa nsombazi! Dzanja la mayi a Tadala limeneli." Ine ndili chiimire ndi thireyi ya tiyi, kumangogwedeza mutu ngati katswiri.

"Alamu, mundikonzereko nanenso," anachonderera a Banda.

Nkhanu zawo akubweretsa Loweruka. Ndikudziwa kuti ndiyenera kuulula, ndipo manyazi akundigwira ndithu. Koma adyo ndagula kale.