Nsonga ya Kampeni ka a Khwee

Alamu anga, amuna a achemwali, anthu ankawatchula a Khwee. Dzinali linachokera pa kachonolera kawo ka m'thumba, kapulasitiki kokhala ndi tizitsulo tiwiri topingasa. Umalowetsa mpeni pakampatapo n'kukoka. Khwee!

Ntchito yawo inali yodula zingwe za makatoni kudepoti, ndipo kampeni kawo kopinda kanali ka ntchitoyo. Koma kunola ankanolera kunyumba, patebulo, maso ali pa achemwali. Ukangomva khwee, khwee, udziwe kuti lero kuli zibakera. Ine ndinkadana nawo, sindibisa.

Kachonolera kameneka sikafuna mphamvu, umangokoka mofewa kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga. A Khwee ankakanikiza ngati akucheka thabwa, fumbi la chitsulo lili mbwee patebulo. Mpeni unadyeka, unaonda, moti ukaupinda nsonga sinkabisikanso m'chigwiriro. Inkangosuzumira.

Anayamba kuona ndi achemwali, poti ndiwo ankasoka matumba a thalauza obooka.

"Bambo, kampenika mukakapinda nsonga ikumatsala panja. Kadzakuchekani."

Yankho linali mbama, mpaka dzino linagwedera. Achemwali sanabwerezenso. Ankangosoka.

Tsiku limene achemwali anaganiza zochoka, ndinapita kukawanyamulira chikwama. Tili pakhomo, a Khwee anatulukira, maso ali psuu. Anandikankha, mutu wanga n'kumenya chitseko. Anagwira achemwali tsitsi ndi dzanja lamanzere, n'kuwakokera pansi.

"Ukupita kuti? Lero ndikulemba nkhope, tione amene akakufune!"

Mayo ine! Dzanja lamanja analiponya m'thumba ndi ukali wonse, ndipo nsonga ija inali ikudikira. Inalowa pachala chapakati, n'kung'amba mpaka pachikhatho. Mukanamva kukuwa kwake! Tsitsi analitaya. Anazula dzanja, magazi ali chuchuchu pathalauza, pansapato, pasimenti. Chimunthu chonse chija chinagwada, chikulira ngati mbuzi.

"Mayi a kunyumba, ndimangeni! Kansalu chabe!"

Achemwali anadzuka, milomo ikutuluka magazi, n'kukonza mpango wawo. Anayang'ana dzanjalo, kenako thumba limene linali litang'ambika mpaka m'munsi. Anatsegula chikwama, ine n'kumati akufuna nsalu, ndipo zinandipsetsa mtima. Anatulutsa singano ndi ulusi, n'kuziika patebulo pafupi ndi kachonolera.

"Thumbalo musoke nokha," anatero, n'kudumpha magaziwo.