Hita ya m'filiji

Malemu mayi anga anandichenjeza ndili namwali: "Munthu akamakukonzera chinthu, uziyang'ana manja ake, usamamvere pakamwa." Ndakalamba nawo mawu amenewa.

Filiji yathu ili ndi kabokosi kamene kamapanga ayisi pakokha. Ayisiyo si wamanyado ayi. Bambo a kunyumba kuno amabaya jakisoni wa shuga, ndipo mankhwalawo sagwirizana ndi kutentha. Magetsi akazima, ndimathira ayisi m'kabigiri n'kuikamo timabotolo tawo. Ndiye chaka china, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kabokosi kanasiya kugwetsa. Madzi ankaundana bwinobwino, koma ayisi n'kukakamira momwemo ngati nkhupakupa.

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi amuna ake, amene amakonza zamagetsi. Koma mkamwini ndingamuimirire pamsana ine? Kwathu tikakumana panjira timapatukirana. Ndinakakhala pakhonde, pansi pa windo la kukhitchini, mwana wanga ataima pakhomo kuti azinyamula mawu.

"Akuti hita yapsa, amayi."

"Hita m'filiji? Uwafunse bwino, mwina akunena ketulo."

Ndinamva kuseka kwa pansipansi. Kenaka mkamwini analankhula kwa mkazi wake, koma mokweza kuti ndimve: "Uwauze amayi kuti pansi pa kabokosi pali kawaya kamene kamafunditsa pang'ono kuti ayisi amasuke. Kakafa, sagwa."

"Uwauze kuti chilichonse chimene achotse chidutse pawindo pano," ndinatero.

Zinadutsadi: timisomali, kachivindikiro, kenaka kawaya kopindika, kakuda mbali imodzi. Nkhope sindinaione, dzanja lokha, likupereka linzake litagwira pamkono. Kawayako ndinakanunkhiza. Kanali kopserera ndithu.

Katsopano anali atabwera nako kale m'chikwama, ndipo apa ndinayamba kukayika, n'kumufunsa mwana wanga.

"Anadziwa bwanji asanaione filiji?"

"Si munafotokoza nokha pafoni, amayi? Mpaka mayunitsi kukutherani."

Dzuwa litapendeka tinamva gubudu m'filiji. M'mawa mwake magetsi anazima monga mwa nthawi zonse, ndipo timabotolo tinakhala pozizira mpaka anayakanso. Mkamwini ndinamuphera tambala. Nthutumba ndinauza mwana wanga kuti ikhale m'mbale mwa amuna ake, asaigwire wina.

Anabwerera kwawo, tatsala awiri, ine ndi odwalawa. Mukamadutsa msewu wa ku Khombedza, muzipatuka kudzationa. Koma muziodira muli patali, ndiyambe ndakuonani nkhope ndisanatsekule.